Timatauni takale ta ku Tuscany ndi Umbria: ndihaye galimoto kapena sitima ndi basi zikwanira?

Nachisale88:

Moni nonse akuluakulu, ndabwera ndi funso ndipo amene munayendako kumeneku chonde mundimasule. Mwezi wa September ndikhala ku Florence limodzi ndi mayi anga, nde pa timasiku tomwe tili nato sitikufuna kungozungulira mumzinda waukulu momwemo ayi, ine mtima wanga uli pa timatauni takale tija tomangidwa pamwamba pa mapiri, San Gimignano, Volterra, Pienza, Montepulciano, komanso zikatheka Orvieto ndi Assisi poti mayi akhala akulakalaka kwa zaka zambiri kukapemphera pa manda a Francesco Woyera. Vuto ndi mayendedwe. Ena akundiuza kuti sitima za ku Italy nzotchipa ndisavutike ndi galimoto, ena akuti popanda galimoto theka la malo amenewa ndizingowaona pa zithunzi basi. Laisensi ndili nayo ndipo kuyendetsa ndimatha ndithu koma ndinazolowera mbali ya kumanzere, kumeneko ndi kumanja, nde mantha alipo. China nchoti mayi mawondo amawavuta, zokwera masitepe ambirimbiri kapena kukoka sutukesi pa msewu wa miyala sangakwanitse. Ndipange bwanji?

Mlendo_ndi_mame:

Achemwali, choyamba matauni amenewa musawatenge ngati ofanana, pa mapu amaoneka oyandikana koma kafikidwe kake nkosiyana kwambiri. Anthu akale anawamanga pamwamba dala, nthawi imene mizinda ya kumeneko inkakhalira kuthirana nkhondo, Siena ndi Florence makamaka, nde pa phiri ndi pomwe munthu ankagona tulo. Njanji inadzabwera mochedwa, m'zaka za m'ma 1800, ndipo njanji sikwera phiri, imatsata chigwa. Mapeto ake dzina la tauni mumaliwerenga pa siteshoni koma tauniyo ili uko kumwamba. Siteshoni yolembedwa Montepulciano ili pafupifupi makilomita 10 kuchokera ku tauni yeniyeniyo, ya Assisi ili pansi ku Santa Maria degli Angeli, San Gimignano ilibe nkomwe siteshoni, mumatsikira ku Poggibonsi nkukwera basi. Ku Pienza nakonso sitima sifika.

Koma sikuti zonse nzovuta. Orvieto ili pa njanji ya pakati pa Florence ndi Rome, mukangotuluka mu siteshoni kutsogolo kwanu kuli kangolo kokokedwa ndi chingwe, amati funicolare, mphindi zochepa chabe mwafika pamwamba pa thanthwe, kenako kabasi kakufikitsani pa tchalitchi chachikulu chija anayamba kumanga mu 1290. Pamenepo galimoto ingokhala mtolo. Siena simunaitchule koma ndikuti muiganizire, ndipo kumeneko kuchokera ku Florence bola basi kusiyana ndi sitima chifukwa basi imakutsitsani kumtunda pafupi ndi pakati pa mzinda pomwe siteshoni ya sitima ili kumunsi. Palinso Lucca, imene ili pa chigwa, siteshoni ili kuseri kwa linga kwenikweni, ndipo pamwamba pa lingalo mpotakata, pali mitengo ndi mabenchi, kuzungulira konse ndi makilomita ngati 4 popanda chitunda. Kwa munthu wa mawondo ovuta imeneyo ndi yabwino kuposa zonse.

Mukasankha mabasi pali mawu atatu oti muwadziwe pa ndandanda ya nthawi ija, apo bii mudikira basi yoti siibwera. Feriale ndi Lolemba mpaka Loweruka, festivo ndi Lamlungu ndi masiku a holide, scolastico ndi basi yoyenda masiku a sukulu okhaokha. Mabasi a kumidzi kumeneko anawakonzera ana a sukulu ndi anthu opita ku ntchito osati alendo, nde mmawa amakhalapo, masana ana akamaweruka amakhalapo, koma Lamlungu mwina awiri atatu tsiku lonse, njira zina zii. Tikiti ya basi mutha kugula mu timashopu ta chizindikiro cha T chachikulu, ma tabacchi, ndipo tikiti ya pepala muidinde pa kamakina mukangokwera, ya pepala ya sitima za m'madera, amati regionale, muidinde pa siteshoni musanakwere, mukapanda kutero woyendera amakulipitsani faindi ngakhale tikitiyo munagula ndi ndalama zanu.

Bambo_a_Tadala:

Zomwe anena a Mlendo nzoona ndithu koma pa Pienza ndi Montepulciano ine ndisiyana nawo pang'ono. Dera limene lija, Val d'Orcia, chokoma chake si matauni okha, ndi msewu wa pakati pa matauniwo, timapiri tosalala tija, mizere ya mitengo yaitali yowongoka yopita ku nyumba za m'minda, moti UNESCO inaika chigwa chonsecho pa mndandanda wake wa malo a cholowa cha dziko lonse lapansi mu 2004 pamene Pienza payokha inali italowa kale mu 1996. Pa basi zimenezo mumangoziona pa windo zikudutsa, simungauze dalaivala kuti tayimani kaye. Ndipo Pienza, Montepulciano, San Quirico d'Orcia, Montalcino ndi oyandikana, pa galimoto mphindi 20 kapena 30 mwafika kwina, koma pa basi kuwalumikiza tsiku limodzi ndi ntchito yaikulu. Volterra chimodzimodzi, ili payokha uko ndipo kuchokera ku Florence mumasintha basi panjira. Nde ine ndikuti galimoto hayani, koma ya masiku a kumidziwo okha, musaitengere tsiku loyamba.

Chimene ndikufuna ndikuchenjezeni kwambiri achemwali ndi ZTL, Zona a Traffico Limitato. Pafupifupi tauni yakale iliyonse, ndi Florence yomwe, pakati pake mpoletsedwa kulowa galimoto yopanda chilolezo. Chikwangwani chake ndi bwalo loyera lokhala ndi mzere wofiira kuzungulira, palibe geti, palibe wapolisi wokuimitsani, pali kamera chabe yojambula nambala, nde munthu umalowa osadziwa kanthu poti galimoto ya kutsogolo kwako yalowa, osadziwa kuti uyo ndi mwini mudzi ali ndi chilolezo. Pena pamakhala chikwangwani cha magetsi, chikalemba varco attivo ndiye kuti kamera ikugwira ntchito musalowe. Kampani yobwereketsa galimoto imayamba yadula ndalama yake pa khadi lanu chifukwa chopereka dzina lanu kwa apolisi, kenako faindi yeniyeniyo imakutsatirani kwanu pa kalata patapita miyezi, ndipo kudutsa pa kamera kawiri ndi mafaindi awiri. GPS musaidalire pa nkhani imeneyi, imatha kukulowetsani momwemo. Mukagona hotela ya mkati mwa linga afunseni musanafike, ambiri amatha kulembetsa nambala ya galimoto yanu kwa apolisi a tauniyo kuti mulowe kukatsitsa katundu.

Zina zing'onozing'ono. Pamwamba pa laisensi yanu mufunika International Driving Permit, imeneyo mumapangitsa musananyamuke, kumeneko simungaipeze. Khadi la credit likhale m'dzina la woyendetsa chifukwa amagwirapo ndalama ya chikole, ma debit makampani ambiri amakana. Galimoto zambiri za hayala ndi za magiya a pamanja, nde poti mwati munazolowera kumanzere, giya idzakhala ku dzanja lamanja, ine ndingati lipirani yoonjezera mutenge automatic ndipo mubukiretu msanga chifukwa zimakhala zochepa. Tengani kagalimoto kakang'ono, misewu ndi yopanikiza. Poika galimoto, mizere ya buluu ndi yolipira, yoyera nthawi zambiri ndi yaulere, yachikasu si yanu. Pothira mafuta benzina ndi petulo, gasolio ndi dizilo, apa anthu amasokoneza. Komanso dera limenelo ndi la vinyo, Brunello ku Montalcino, Vino Nobile ku Montepulciano, woyendetsa alawe ndi maso okha.

Nachisale88:

Zikomo kwambiri nonse awiri, za ZTL zimenezi mwanditsegula m'maso a Bambo a Tadala. Nde ngati ndamva bwino galimoto ndiye ingawathandize mayi pa nkhani ya mawondo ija? Chifukwa chimene chikundikokera ku galimoto kwenikweni ndi chimenecho, kuti asamayende mtunda wautali.

Mayi_Chisomo:

Ayi mwanawe, apo ndiye pofunika kusamala. Galimoto imakuchotserani zodikira basi padzuwa ndi zonyamula masutukesi pa siteshoni, zimenezo nzoona, koma chitunda sichichoka. Poti mkati simulowa, galimoto mumaisiya kunja kwa linga, kawirikawiri kumunsi, nkuyamba kukwera wapansi. Nthawi zina basi ndi imene imakufikitsani pafupi kuposa galimoto chifukwa iyo ili ndi chilolezo cholowa. Nde m'malo mofunsa kuti galimoto kapena basi, funsani kuti tauni iti ili bwanji mkati mwake.

Pienza ndi yaing'ono ndipo pamwamba pake mposalala, msewu waukulu mumautha mphindi zochepa. Unali mudzi wamba wotchedwa Corsignano, kwawo kwa Papa Pius II, iyeyo atakhala papa anaumanganso kuyambira 1459 ndi mmisiri Bernardo Rossellino nkuupatsa dzina lake, nde bwalo, tchalitchi ndi nyumba yachifumu zonse zili pamodzi, mayi akhoza kukhala pansi nkuona zonse. Montepulciano ndi ina nkhani, msewu wake umangokwera kuyambira pa chipata cha kumunsi mpaka ku Piazza Grande, koma kuli timabasi ting'onoting'ono tokwera mpaka pamwamba, kwerani kameneko kenako muzitsika pang'onopang'ono ngati mawondo alola, poti ena kutsika ndi kumene kumawapweteka kwambiri. Ku San Gimignano kukwera kulipo koma si koopsa kuchokera pa chipata cha Porta San Giovanni kufika pa bwalo la chitsime. Nsanja zija, zinalipo 72 pano zatsala 14, mabanja olemera ankapikisana kuti yaitali ndi ya ndani, ndipo tauniyo inatsala mmene ilili chifukwa mliri wa 1348 utapha anthu ambiri inagonjera Florence mu 1353 nkusauka, panalibenso wa ndalama zogwetsera zakale nkumanga zatsopano. Nsanja yaitali, Torre Grossa, ndi mamita 54, imeneyo mukwere inuyo mayi akudikireni pansi. Ku Orvieto chitsime cha San Patrizio chili ndi masitepe 248 kutsika ndipo mukatsika muyenera kukweranso, asayerekeze.

Za Assisi ndilankhule ngati munthu amene ndinapitako ndi mtima womwe ali nawo mayi anuwo. Musapange ulendo wopita nkubwera tsiku lomwelo kuchokera ku Florence, pa sitima ndi maola oposa awiri mbali imodzi, mukafika atatopa kale. Gonani konko. Ndipo siteshoni ija anati ili pansi si chinthu choipa ayi, chifukwa pafupi pomwepo, poyenda wapansi pamalo osalala, pali tchalitchi cha Santa Maria degli Angeli ndipo mkati mwake muli katchalitchi kakang'ono ka Porziuncola kamene Francesco anakakonza ndi manja ake, ndipo anamwalirira pompo mu 1226. Alendo ambiri amangodutsa kuthamangira basi ya kumtunda. Tchalitchi chachikulu cha kumtunda anayamba kuchimanga mu 1228, manda a Francesco ali pansi penipeni pa gawo la m'munsi la tchalitchi chomwecho nde masitepe otsika alipo koma si ambiri, muwagwire dzanja. Kuchokera pa siteshoni ine ndingati tengani takisi ikakusiyeni pafupi ndi khomo, ndalama imeneyo musaiumire.

Chinanso, malo asanu ndi limodzi mwatchulawo ndi ambiri kwa munthu wamkulu. Ine Volterra ndikanaisiya, ngakhale ili ndi chipata cha anthu a Etruscan chakale kuposa ufumu wa Aroma, chifukwa ili kutali ndi enawo ndipo msewu wake ndi wokhotakhota wokwera, kwa munthu amene akuphunzira kumene kuyenda kumanja si poyambira.

Mlendo_ndi_mame:

Amayi anena zoona, makamaka zogona konko. San Gimignano masana imadzaza ndi anthu obwera pa mabasi akuluakulu a alendo moti mumayenda mogundana mapewa, koma ikamakwana 6 koloko madzulo amapita onse ndipo mmawa asanafike mumatha kuona bwalo bwinobwino. Apa ndi pamene basi wamba imapweteka, chifukwa yomaliza imanyamuka nthawi yomwe tauni yayamba kukoma, nde kaya mugone kaya mukhale ndi galimoto.

Achemwali ngati mwatsimikiza zohaya, musakatengere galimoto pakati pa Florence, maofesi ena ali m'mphepete mwa ZTL mwenimweni ndipo kutuluka kapena kubwerera ndi pamene anthu amalakwitsa. Bola ku bwalo la ndege, kapena mukwere basi mpaka ku Siena mukatengere kumeneko, kapenanso Chiusi imene ili pa njanji yomweyo ya ku Orvieto ndipo ili pafupi ndi Montepulciano. Kungoti maofesi a m'matauni ang'ono ambiri amatseka Loweruka masana ndi Lamlungu lonse, onetsetsani nthawi yobwezera musanalipire, ndipo kutenga kwina nkubweza kwina amatha kukuonjezerani ndalama. Pa sitima yang'aniraninso za sitalaka, amati sciopero, amalengezeratu masiku ake, ndipo masiku a ntchito sitima za regionale zimayendabe 6 mpaka 9 mmawa ndi 6 mpaka 9 madzulo.

Nachisale88:

Ambuye akudalitseni nonse. Ndaganiza chonchi, Lucca ndi San Gimignano tipita pa sitima ndi basi tikadali ku Florence, kenako sitima mpaka Chiusi, kagalimoto ka automatic ka Pienza ndi Montepulciano, nkukabweza pomwepo, Orvieto ndi Assisi pa sitima, Volterra ndaichotsa. A Bambo a Tadala ndifunsenso, inshulansi yoonjezera ija amakakamiza pa kauntala, ndiitenge kapena imene imabwera kale mu mtengo ikwanira?

Bambo_a_Tadala:

Imene imabwera kale imakusiyirani gawo loti mulipire nokha galimoto ikakandika, ndipo gawolo limakhala lalikulu ndithu, komanso kawirikawiri siikhudza matayala, magalasi ndi kunsi kwa galimoto. Ku Val d'Orcia nyumba zambiri zogona alendo za m'minda mumafikako pa misewu ya miyala yoyera ija amati strade bianche, timiyala timathamanga, nde ine ndingati tengani yochotsa gawolo ndipo mufunse mwachindunji ngati matayala ndi galasi zilimo, ena pa misewu yopanda tala salipira nkomwe. Potenga galimoto ijambuleni ndi foni mbali zonse wa kampaniyo ali pompo, ndi geji ya mafuta yomwe, pobweza muchitenso chimodzimodzi.