Za hatchi yokana kusiyana ndi zinzake ija

Mwezi watha ndinafunsa za hatchi yomwe ndimasamalira kuno ku Kyalami, ku South Africa, yomwe ikangosiyana ndi zinzake imalira, kutuluka thukuta n'kumakakamira kubwerera kukhola. Munandilangiza kuti ndisalimbane nayo, ndiziizoloweza pang'onopang'ono. Zikomo abale anga, zathandiza.

Ndinayamba n'kuitsogolera wapansi mpaka pageti, kuipatsa karoti pomwepo, n'kubwerera isanayambe kuchita mantha. Tsiku lililonse tinkawonjezerako kamtunda. Dzulo ndinaikwera mphindi 20 tili awiriwiri. Inalira kamodzi kokha, kenaka n'kutcherera makutu kwa ine.

Pobwerera misozi inalengeza, nditakumbukira hatchi yomwe ndinaphunzirirapo kukwera, nkhalamba yoyera pamphumi. Inkatsamiritsa mutu paphewa langa ndikamaipesa. Ndimaisowabe mpaka lero.

Sabata yamawa tikayesa njira yakumtsinje.