Celeron 300A pa 450 MHz: ndikwere pang'onopang'ono kapena ndilumphe?

Wosunga Zakale analemba:

Ndili ndi purosesa ya Celeron 300A ya mu 1998 pamodzi ndi motherboard ya Slot 1 yokhala ndi chipset ya Intel 440BX, ndipo zonse zikuyaka bwinobwino. Ndikufuna kuyesa overclocking kuti purosesayi izithamanga pa 450 MHz monga ankachitira anthu pa nthawiyo. Popeza zipangizozi zakalamba, ndikuganiza zokweza FSB (liwiro la njira yolumikiza purosesa ndi bodi) pang'onopang'ono, kuchoka pa 66 MHz kupita pa 75, kenako 83, ndisanafike pa 100. Akuluakulu amene munagwirapo makina otere, kodi njira imeneyi ndi yabwino?

Mkonzi Wamabodi anayankha:

Achimwene, njira imene mukuiona ngati yosamala ndiyo ili ndi ngozi yaikulu. Nambala yochulukitsira FSB kuti tipeze liwiro la purosesayi ndi 4.5 ndipo inakhomedwa, choncho chimene mungasinthe ndi FSB yokha, koma FSB siyendetsa purosesa yokha ayi. Liwiro la PCI, njira imene makadi ndi hard disk zimalumikizirana ndi bodi, limachokera komweko. Pa 66 MHz bodi imagawa pawiri n'kupeza 33 MHz, ndipo pa 100 MHz imagawa patatu n'kupezanso 33 MHz yomweyo. Mukaima pa 75 kapena 83, bodi imagawabe pawiri, motero PCI imafika pa 37.5 MHz kapena pafupifupi 42 MHz, ndipo chimene chimayamba kuvutika ndi hard disk, imene ikhoza kuwononga mafayilo anu purosesa isanadandaule n'komwe. Lumphani molunjika kupita pa 100 MHz. Onetsetsani kuti RAM yanu ndi ya PC100 (yotha kuyenda pa 100 MHz), komanso kuti AGP (polowetsa khadi la zithunzi) yaikidwa pa 2/3 ya FSB kuti khadi la zithunzi likhalebe pa 66 MHz.

Wanamtovu anayankha:

Ndikugwirizana nawo, koma musanakhudze BIOS (pulogalamu ya pa bodi yosinthira makonzedwe ake) yambani mwayang'ana makapasita ozungulira purosesa. Amene atupa pamwamba kapena atulutsa zinthu zofiirira asinthidwe kaye, chifukwa bodi yotere imatha kuyenda pa 300 MHz koma n'kumazima yokha ikapanikizidwa. Phala lotulutsa kutentha limene lili pakati pa purosesa ndi heatsink (chitsulo choziziritsira purosesa) linauma kalekale, choncho lipukuteni n'kupaka latsopano.

Wosunga Zakale analemba:

Zikomo kwambiri nonse. Vuto lina ndi loti BIOS ya bodi yanga ilibe posankhira 100 MHz, imangozindikira purosesa yokha n'kuika 66.

Mkonzi Wamabodi anayankha:

N'chifukwa chake bodi ya Abit BH6 inatchuka kwambiri, popeza menyu yake ya SoftMenu inkalola munthu kusintha FSB ndi voteji mu BIOS momwemo osasuntha majampa. Pa bodi ngati yanuyo, anthu ankamata katepi kakang'ono pa pini ya B21 ya purosesa, ndipo bodi inkaiona ngati purosesa ya 100 MHz. Mumate pini imodzi yokhayo mosamala, osakhudza zoyandikana nayo. Voteji yokhazikika ya purosesayi ndi 2.0 V. Zina zimafika pa 450 osawonjezera kanthu, zina zimafuna 2.1 kapena 2.2 V, ndipo ine sindingapyole pamenepo pa chipangizo chimene sachipanganso. Kuyaka kwa Windows 98 si umboni wokwanira, choncho yendetsani kaye Memtest86, pulogalamu yoyesa RAM, kenako Prime95, yopanikiza purosesa, kwa maola angapo mukuyang'anira kutentha.