Ndapeza pogwira pa nkhani ya mapepala a kafukufuku ija

Masabata awiri apitawa ndinafunsa komwe ndingapeze mapepala a kafukufuku wa zamagetsi ndi zamakompyuta, poti paliponse pomwe ndinkatsegula ankandiuza kuti ndilipire kaye. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha. Ndati ndibwerenso ndikuuzeni mmene zayendera.

Chandithandiza kwambiri ndi kasakidwe. Ndimayambira pa dblp, tsamba la mndandanda wa mapepala a zamakompyuta: ndikalemba dzina la katswiri wa zamakompyuta, zimene analemba zimandandalikidwa chaka ndi chaka. Kenako mutu wa pepalalo ndimaukopera mu Google Scholar, tsamba losakira mapepala a kafukufuku, n'kudina pa "All versions" kuti ndione malo ena komwe pepalalo likupezeka. Pepala lina la ma inverter a sola, lomwe linali lokhoma pa IEEE Xplore (tsamba la mapepala la IEEE, bungwe la akatswiri a zamagetsi), ndinalipeza choncho, mwiniwake ataliika pa tsamba la yunivesite yake. Nditaona chithunzi cha seketi chomwe ndinkasowa chija, mtima unakhala m'malo.

arXiv, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a kafukufuku yomwe inayamba mu 1991, ndi yaulere, koma samalani: zambiri zimaikidwapo akatswiri ena asanaziunike. Ine ndimafufuza kaye ngati pepalalo linadzasindikizidwa kwina ndisanalidalire.

Nayonso ACM (bungwe la akatswiri a zamakompyuta), mu 2022, inatsegulira aliyense zolemba zake za 1951 mpaka 2000. Zakale, inde, koma maziko a ma algorithm (ndondomeko zimene kompyuta imatsata pogwira ntchito) ambiri ali mmenemo.

Inu amene munati ndilembere mwachindunji wolemba pepala lomwe ndikulifuna, poyamba ndinkachita manyazi. Ndinalimba mtima, ndipo patangopita masiku awiri ananditumizira pepala lonse. Panopa ndikuwerenga miyezo ya IEEE 802 ya manetiweki, yomwe imapezeka mwaulere kudzera mu pulogalamu ya IEEE yotchedwa GET.