Ndani amalipira uphungu wa maganizo munthu akasamuka dziko?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndathedwa nzeru pa nkhani ya mlongo wanga amene akuchoka ku Australia kupita ku America, koma akufuna kupitiriza ndi mlangizi wake yemweyo kudzera pa intaneti.

Ku Australia, dokotala amalemba Mental Health Treatment Plan (chikalata cha dongosolo la chithandizo cha maganizo), ndiye Medicare (inshuwalansi ya zaumoyo ya boma la Australia) imabweza gawo la ndalama pa maulendo osapitirira 10 oonana ndi mlangizi pachaka, zotsalazo munthu amatulutsa m'thumba. Vuto ndi loti Medicare silipira wodwala akakhala kunja kwa dzikolo. Ku America zinthu n'zosiyana: nthawi zambiri inshuwalansi imafuna mlangizi amene ali pamndandanda wake, umayamba walipira wekha mpaka deductible (ndalama zimene uyenera kulipira wekha inshuwalansi isanayambe kulipira) ikwane, kenako copay (ndalama yokhazikika imene umalipirako wekha) ulendo uliwonse woonana ndi mlangizi.

Tafunsa kale kampani ya inshuwalansi ngati ingalandire superbill (lisiti latsatanetsatane lochokera kwa mlangizi, lopemphera kubwezeredwa ndalama) yochokera kunja, yankho lomveka silinabwere. Mlangiziyo wanenanso kuti chiphaso chake mwina sichimulola kuthandiza munthu wokhala m'state (chigawo) ya ku America, ndipo apa ndi pamene pandidetsa nkhawa kwambiri.

Alipo amene inshuwalansi inamubwezerapo ndalama za mlangizi wakunja? Munatumiza zikalata ziti? Kapena n'kwabwino angoyambiranso ndi mlangizi watsopano?