Ndithandizeni, a komiti pa estate pathu anditula za Remembrance ndi za makombola

Membala wobisa dzina
Abale anga muli kuno ku UK ndithandizeni mutu sukugwira. Pa estate pathu pali komiti ya anthu okhala pamalopo, ine ndinalowamo chifukwa cha mabini basi, a flat ya pamwamba amataya matewera mu bini ya recycling ndiye galimoto ya khonsolo imangodutsa osanyamula. Tsono ku msonkhano pakamwa panga panandipereka, ndinatchula zoti agogo anga aamuna anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali a nthawi ya atsamunda) anakamenya nkhondo ku Burma. Mayi wapampando pompo akuti ndiye inu mudzayika nkhata ya maluwa pa Remembrance Sunday, tsiku lokumbukira amene anafera pa nkhondo, ndi kuyankhulako pang'ono, komanso muyendetse za moto ndi makombola pa 5 November. Mayi yemweyu ndi amene anandisiyira kakalata pa galimoto kuti ndapaka malo a alendo, lero ndasanduka m'bale wake. Bambo akunyumba ali pa night shift akungoti unazifuna wekha, kwinaku kumudzi sanaleke kundinena kuti ya Mother's Day pa 15 October inachepa. Kodi zimenezi zimafuna chilolezo? Ndikanene chani? Chitenje ndingavale?

Nangozo wa ku care
Asisi muli mzinda uti? Malamulo a makombola ku Scotland ndi ena, ku England ndi Wales enanso. Ndipo motowo mukufuna kuyatsira pati, pa malo a khonsolo, a housing association kapena kuseri kwa nyumba ya munthu?

Mdzukulu wa Mbombwe
Achemwali musanayike nkhatayo dzifunseni kaye kuti nkhondoyo inali ya ndani. John Chilembwe analemba kalata mu November 1914 kudandaula kuti anthu akuda akukhetsa magazi pa nkhondo yosawakhudza, January 1915 anadzuka, anamupha. Nanga amtengatenga aja ankasenza katundu wa asilikali mpaka kufera m'njira ndi njala ndi matenda, maina awo alembedwa pa mwala uti kuno? Lero akufuna nkhope yakuda pa chithunzi cha newsletter basi mwavomera.

Che Kabudula
Nkhani ya mabini ija ndiye yandikhudza ine. Muyikeni pa speech 😂

Mwana wa ku Cobbe Barracks
A Mbombwe musanyoze. Ine ndinakulira ku Zomba, chipilala cha KAR chija timachidziwa, November aliyense madala ovala mamendulo ankabwera ena akuyenda ndi ndodo. Kumudzi komwe timawakumbukira, ku Lilongwe chipilala chiliponso. Ndiye mdzukulu akatchula dzina la agogo ake kuno walakwa chani?

Mdzukulu wa Mbombwe
Mamendulo amadyedwa? Atabwerako ku Burma anapatsidwa chani poyerekeza ndi azungu amene anali nawo m'nkhalango imodzi? Chipilala cha asilikali a ku Africa ndi Caribbean ku Windrush Square, Brixton anachitsegula 2017, nkhondo yoyamba inatha 1918, werengerani nokha zakazo. Ine poppy, kaduwa kofiira kokumbukira asilikali kaja, sindivala ndipo kuntchito anasiya kundifunsa.

Mayi a mapasa
Inu za moto musiyeni wapampandoyo. Ife chaka china neba anayatsa mapaleti kuseri, mphepo inatembenuka mpanda wathu unapsa, trampoline ya ana kusungunuka, a insurance kutizunguza mpaka Khirisimasi ndipo nebayo anasamuka osapepesa n'komwe. Galu wa mwana wanga mpaka lero akamva kuphulika amalowa pansi pa bedi.

Nangozo wa ku care
Kwa England, makombola saloledwa kuyambira 11 usiku mpaka 7 m'mawa, koma pa 5 November amalola mpaka 12 usiku. Mumsewu kapena pa paki n'koletsedwa kuphulitsa, ana osakwana zaka 18 sagulitsidwa. Ngati mutseke msewu khonsolo imafuna kuuzidwa masabata angapo zisanachitike. Koma tiuzeni muli kuti.

Mai a Chigwirizano
Mkhristu akasangalale bwanji ndi kuotcha chidole cha munthu? Guy Fawkes anali Mkatolika, ankafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo mu 1605, zaka zonsezi akumuotchabe pa 5 November. Kaya inu, ana anga sapitako, za Halloween nazonso ayi.

Che Kabudula
Amayi Chigwirizano ndi cha CCAP, mwayamba liti kuyikira kumbuyo Akatolika

Mai a Chigwirizano
Iwe Kabudula ndine msinkhu wa mayi ako.

Mwana wa ku Cobbe Barracks
Achemwali mawu asatalike. Lamulungu lachiwiri la November, 11 koloko anthu amakhala chete mphindi ziwiri, foni ikhale yozimitsa. Nenani dzina la agogo, mudzi wawo, kumene anapita, basi. Nkhata za poppy amaitanitsa ku Royal British Legion, bungwe lothandiza asilikali, ndalama ichoke ku komiti osati m'thumba mwanu. Chitenje valani koma pamwamba jekete yakuda, kunja kumazizira nthawi imeneyi.

Mdzukulu wa Mbombwe
Dzina, mudzi, basi? Ayi. Ngati akupatsani maikolofoni nenani zonse, msonkho wa nyumba, thangata, amtengatenga, Chilembwe. Mphindi ziwiri achite chete iwowo, inu muyankhule. Ndikhoza kukulemberani, ndili nazo kale mapeji angapo, ndilembereni ku inbox.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse. A Mbombwe mapeji ayi, anthu ake ndi omwewa ndimakumana nawo pa masitepe tsiku ndi tsiku. Wapampando uja wangolemba pa WhatsApp kuti ndibweretsenso mandasi, ufa ndi mafuta osatchula kuti agula ndani. Ndipo a pamwamba aja atayanso matewera.

Nangozo wa ku care
Asisi. MZINDA UTI?

Mdzukulu wa Mbombwe
Mwaona? Agogo anasenza mfuti, mdzukulu asenze mandasi. A ku Cobbe Barracks bwerani muyankhe apa.