Andiveka chipani chomwe sindinawauze, nditani?

Admin, chonde ndibiseni dzina. Abale anga a pagulu pano, nkhani iyi yandisowetsa mtendere kwa miyezi tsopano, ndipo ndikufuna malangizo enieni, osati zonyozana.

Ine kwathu ndi ku Dowa, koma ndinakwatiwa kuno ku Mangochi mu 2017. Bambo a kunyumba ndi a ku Namwera, amapikula usipa ku Makawa n'kumakagulitsa ku Limbe. Ine ndili ndi kaokala pakhomo, ndimagulitsa sopo, shuga, mafuta oyeza ndi makala. Chiyao ndimamva, kulonjera ndimalonjera, koma ndikangotsegula pakamwa aliyense amadziwa kuti ndine wa chigawo chapakati. Zaka zonsezi limeneli silinali vuto. Ankangonditchula kuti mlamu wa ku Dowa, basi.

Zinayamba ndi chitenje. Mu July 2025 mayi anga ananditumizira ufa ndi mtedza pa basi, ndipo dengulo analimanga ndi nsalu ya Kongeresi, ija ya tambala wakuda. Kumudzi kwathu nsalu zimenezi zili nyumba iliyonse, ena amaberekera ana, ena amayanikapo ufa. Ndinaichapa n'kuiyanika pachingwe kuseri kwa nyumba, sindinaganize kanthu. Inakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko. Mayi woyandikana nane, munthu amene timapatsana moto ndi mchere, anaima pampanda n'kuiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Kani tili ndi tambala pakhomo pano?" Anaseka, inenso ndinaseka. Mawa lake pa mjigo ndinapeza nkhani yandifikira kale.

Chachiwiri chinachitika pa 24 September, tsiku lomwe a MEC analengeza kuti a Mutharika apambana. Mwana wanga wamng'ono anali ndi malungo, thupi lili moto, ine ndili m'nyumba kumupukuta ndi kansalu konyowa. Kunja kunali nthungululu, mabelu a kabaza, mahutala a njinga zamoto, anthu akuthamangira kumsewu. Sindinatuluke. M'mawa mwake ndikusesa, mtsikana wina akudutsa anandiuza kuti, "Pepanitu mlamu, zovuta zija tazimva." Ndinayamba ndaganiza kuti akunena za mwana. Nditaona mmene anzake akusekera m'pamene ndinazindikira kuti akundipepesa maliro a chipani.

Kuyambira pamenepo ku banki m'khonde ndikafika nkhani imaduka. Wina akadandaula za mtengo wa shuga kapena feteleza amayang'ana ine n'kumati "boma lanu lija", ngati ndine ndinkakweza mitengo, chonsecho inenso ndinkafola nawo pa mzere womwewo wa shuga. Makasitomala awiri amene ankagula tsiku ndi tsiku tsopano amandidutsa. Chomwe chandipweteka kwambiri n'chakuti apongozi anga aakazi anafunsa mwana wawo kuti, "Kodi mkazi wakoyu anavotera ndani?"

Bambo akuti ndingovala nsalu ya buluu tsiku limodzi popita ku banki, nkhani ithe. Mtima wanga ukukana. Amene ndinamuvotera sindinauze munthu, ngakhale bambowo. Malemu bambo anga ondibereka ankatiuza za nthawi ya makhadi, pamene munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi usanaonetse khadi la chipani kwa a Youth. Ankati mu 1993 iwo anavotera nyali, ali ku Dowa konko, kuti mwana wawo asadzafunsidwenso funso limenelo ndi munthu aliyense.

Ndiye ndithandizeni. Ndivale nsaluyo kuti ndigule mtendere? Ndiwauze poyera? Kapena ndingokhala chete mpaka atope?

Telala wa mumsika
Achemwali, ine ndasoka nsalu za zipani zonse kuyambira nthawi ya Atcheya. Mayi mmodzi yemweyo amabwera ndi ya yelo mwezi uno, mwezi wamawa ya buluu, ndipo m'chikwama muli ya olenji yomwe analandira nthawi ya Amayi. Pamsonkhano akagawa nsalu palibe amene amakana, nsalu ndi yodula. Amene akukunenaniwo akatsegula masutikesi awo mupezamo mitundu itatu. Koma kuiyanika panja nyengo ya kampeni kuja munaphonya. Bweretsani ndikusokereni pilo, izikhala kuchipinda.

Wa kabaza pa mlatho
Ine zinandionekera ku Lilongwe mu 2019, nthawi ya mademo. Ndinavala jezi ya Manoma, anyamata anandizungulira akuti ndine kadeti chifukwa cha buluu. Ndinapulumuka nditawaonetsa baji ya timu pachifuwa. Mnzanga wa Bullets ndi yofiira yake ankangomutchula wa UTM. Koma ndisaname, nanenso ndimaganizira anthu. Kasitomala akati "Adadi" ndimati uyu ndi wa chimanga, akati "Peter" ndimati uyu ayi. Akati "Abusa" ndimamvetsera kaye ngati akunena mwaulemu kapena monyoza. Wina ndimamuyesa ndi funso la mafuta, ndione adzudzula ndani. Tsiku lina ndinanyamula bambo wovala mkanjo ndi kofia, ine n'kuyamba kutamanda yelo kuti mwina andiwonjezera kenakake. Tikufika ku depoti anandiuza kuti iye ndi wa Kongeresi kuyambira kale, ndipo anandiwerengera ndalama yanga ndendende.

Mayi wa ku Chimwala
Inu tangonenani munavotera ndani. Kubisako ndiye kukukuonetsani. Munthu wosalakwa sabisa.

Mwini nkhani
Mayi, kuvota si mlandu woti ndilakwe kapena ndisalakwe. N'chifukwa chake amatipatsa kamalo kobisika kochongera, n'kutiuza kuti tipinde pepala tisanaponye. Ndikanena lero kuti ndinavotera amene iwo akufuna, ndiye kuti ndavomera kuti anali ndi ufulu wondifunsa. Nanga 2030 ndikadzasintha maganizo, ndidzapitenso kukapereka lipoti pa mjigo?

Gogo wa ku Malindi
Mwana wanga, ndalemba kudzera pa foni ya mdzukulu. Bambo ako anakuphunzitsa bwino ndipo usavale nsalu yomwe mtima wako sukufuna. Koma ndikufuna udziwe chomwe tambala amatanthauza kwa ena a ife kuno, kuti usamangoona ngati ndi nkhanza chabe.

Henry Masauko Chipembere anali mwana wa kuno ku Malindi, nduna ya zamaphunziro. Atasemphana ndi Kamuzu mu 1964 anabwerera kuno, ndipo mu February 1965 iye ndi anthu ake analanda boma la Fort Johnston, lomwe lero tikuti Mangochi, n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Anakathera pa Liwonde, chifukwa pantoni inali tsidya linalo. Zitatero, amene analipira ndi anthu wamba a m'midzi muno. Anthu anatengedwa, nyumba zinatenthedwa, ndipo kwa zaka zambiri kungonena kuti ndiwe wa ku Malindi kunali kudziitanira mafunso. Ine ndinali kamtsikana, koma ndikukumbuka amayi akutiletsa kutchula dzina lija ngakhale m'nyumba. Chipembere anakamwalira ku America mu 1975 osaonanso kwawo. Ndiye 1994 itafika, anthu kuno anathamangira kwa Muluzi osati chifukwa chakuti ndi wa ku Machinga kokha ayi, panalinso chilonda.

Atsikana akukusekawo zambiri mwa izi sakuzidziwa, anangoyamwa kuti tambala si wathu. Koma apongozi ako mwina akuzidziwa. Ndipo taona, zomwe akukuchita iwe lero ndi zomwe ankatichita ife, kumuweruza munthu ndi mudzi wake. Pita kwa mnzako wa pampandayo muli awiri, osati pagulu. Pagulu munthu amalimbira manyazi.

Mwini nkhani
Sikomo kwejinji anganga. Dzina la Chipembere ndinkangolimva pa msewu wa ku Blantyre uja, sindinkadziwa kuti nkhani yake inawawa chonchi kuno. Ndawerenga kawiri.

Mphunzitsi wochokera ku Rumphi
Asisi, musavale. Ine ndinayesa njira imeneyo nditangofika ku Monkey Bay. Ankanditchula wa AFORD chifukwa cha Chitumbuka, ine Chihana sindinamuonepo ndi maso. Mnzanga anandipatsa nsalu kuti ndizioneka wa pompano, ndinaivala kamodzi ku chinkhoswe. Sabata yotsatira anabwera kudzanditenga kuti tikavine kumsonkhano, kenako akuti ndilembetse ku komiti ya amayi. Kukana kunandivuta kuposa poyamba, ndipo nditakana anati ndine kazitape. Nsalu simaliza nkhani, imayambitsa ina.

Mnyamata wa ku Makanjira
Vuto ndi lakuti kuganiza kumeneku nthawi zambiri kumalondola, n'chifukwa chake anthu sasiya. Tikaona zotsatira za 1994, kumpoto kunali Chihana, pakati Kamuzu, kummwera Muluzi. Anthu anazolowera kuti ukadziwa boma la munthu wadziwa voti yake. Koma onani kuno komwe. Ku Lilongwe akamva kuti ndine Myao wa ku Mangochi amati ndine wa UDF, pomwe mu 2020 Atupele anali wachiwiri kwa a Mutharika ndipo anthu a yelo anachonga pa chimanga. Ndiye amene anavala yelo tsiku limenelo tinganene kuti anali wa chipani chiti? Ndipo a Mutharika sakanafika 56 peresenti mu 2025 ndi mavoti a kummwera okha. Alipo a chigawo chapakati amene anawavotera, mwina ena ndi a ku Dowa konko.

Mlembi wa banki m'khonde ina
Funso langa ndi limodzi. Ngongole akukupatsani monga mwa masheya anu? Ngati akukudumphani, imeneyo si nkhani ya miseche, ndi ya malamulo a gulu, ndipo muyenera kuitula kwa wapampando pamaso pa onse. Ngati ndalama zikuyenda bwino, zinazo zipirireni kaye mpaka mugawane mu December, muone ngati n'koyenera kupitiriza nawo.

Mwini nkhani
Ngongole sanandimanepo, pamenepo ndisawanamizire. Ndi kachetechete uja basi, ndi maso.

Bambo wa ku Namwera
Ine ndikulankhula ndi amuna anuwo ngati akuwerenga. Achimwene, funso la amayi anu munayenera kuliyankha nokha pomwepo, kuti mkazi wanga anavotera amene anamufuna monga inenso ndinachitira. Kumuuza kuti avale nsalu ndi kumusiya yekha pabwalo. Munakamutenga ku Dowa mukudziwa kuti ndi wa ku Dowa.

Admin
Ndachotsa ndemanga zinayi zotukwana mitundu ya anthu. Wina akabwereza ndimutulutsa m'gulu. Pitirizani kuthandiza mayiwa.

Mwini nkhani
Ndabweranso abale. Dzulo madzulo ndinapita kwa mayi wa pampanda uja monga ananenera anganga. Ndinamupeza akusankha mpunga, ndinakhala pamkeka n'kuyamba kusankha naye. Ndinamuuza za dengu la amayi, ndinamuuzanso kuti tsiku la nthungululu lija mwana anali atatsala pang'ono kukomoka. Anasiya lichero n'kundifunsa kuti bwanji sindinamudzutse, akanandiperekeza kuchipatala. Anati za mwanazo sankadziwa. Za voti sanandifunse, inenso sindinanene. Pochoka anandipatsa mpunga wa m'mbale kuti ndikaphikire mwana phala, ndipo lero m'mawa watuma mwana wake kudzagula makala.

Ku banki sindinapite, tikumana Lachinayi. Bambo ndawawerengera ndemanga ya bambo a ku Namwera, angoti amva, sanawonjezere kanthu.

Chatsala ndi apongozi. Loweruka tikupita ku Namwera ku sadaka ya malume awo a bambo, ndipo ndikakhala nawo kumaphikiro tsiku lonse pamodzi ndi alamu anga onse. Akakandifunsa maso ndi maso pamenepo, pali anthu, ndikawayankhe mawu ati oti ndisawanyoze komanso ndisaname? Amene munakhalapo ndi apongozi a Chiyao ndithandizeni, Loweruka layandikira.