Mapilisi a agogo ndingamwe pokwera Sapitwa?

Wa ku Chinamwali: Abale, agogo anawapatsa Diamox kuchipatala chifukwa cha matenda a maso a glaucoma, ndamva akuti amathandizanso ukamakwera phiri, nditapeko awiri? Tikupita ku Mulanje Loweruka.

Mayi awiri: Iii ayi achimwene, a agogowo asiyireni, mlingo wawo ndi wa maso ndipo akadumphitsa presha ya m'diso imakweranso. Pitani mukaonane ndi adokotala, makamaka ngati Bactrim kapena Fansidar anakutulutsanipo ziwengo, kapena muli ndi vuto la impso kaya chiwindi.

Wa ku Matawale: Ine ndinamwapo, zala zimachita dzanzi, kukodza pafupipafupi, fanta kumveka ngati chitsulo kkkk. Sapitwa ndi mamita 3,002, gonani kaye pa hut muzikwera pang'onopang'ono. Ku Chawe kokha ndiye musavutike nawo.